Episkopi Woipa ndi Mawu Ena a M'mabuku a Chess

Anzanga aseminale, Abambo athu ansembe, ndi inu makolo amene mumawerenga magazini ino tikabwera nayo kunyumba pa holide, ndiloleni ndiyambe ndi kuulula manyazi anga. Teremu yatha, pa mpikisano wa chess wa makalasi, ndinagwetsa Fomu 3 yonse chifukwa cha liwu limodzi la Chingerezi limene ndinkaganiza kuti ndikulidziwa.

Zinali chonchi. Gemu yotsiriza ndinkasewera ndi mkulu wina wa Fomu 4. Ine ndinatsala ndi mfumu ndi queen, iye n'kutsala ndi mfumu yokhayokha, itapanikizika pakona, pa h8. Aliyense amene anaima mozungulira tebulo anaona kuti gemu ndi yanga, ndipo ena a m'kalasi mwathu anali atayamba kale kuomba m'manja. Ndinanyamula queen n'kuyiika pa f7. Nditaona kuti mfumu yake ilibe kolowera, ndinaimirira n'kufuula kuti, "Mate!" Mkuluyo anangomwetulira nati, "Iyi ndi stalemate, mng'ono wanga." Ine ndi chimwemwe chonse ndinayankha kuti, "Eya, stalemate, ndiye kuti ndapambana." Holo yonse inafa nalo phwete.

Bambo amene ankayang'anira mpikisanowo anandikhazika pansi n'kundifotokozera modekha. Anati ngati ili nthawi ya mnzako kusuntha, mfumu yake sinaopsezedwe, koma alibe chida chilichonse chimene angasunthe mololedwa ndi malamulo, gemu imathera pomwepo ndipo palibe wopambana. Aliyense amatenga theka la pointi. Theka limene ndinataya tsiku limenelo ndi lomwe linapatsa Fomu 4 chikho.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti liwuli ndinali nditakumana nalo kale m'buku lina la m'laibulale, ndipo sindinachite ulesi. Ndinatsegula dikishonale n'kupeza kuti "stale" ndi chakudya chogonera, ngati buledi wa dzana. Mumtima ndinati, basi, umenewu ndi mkute. Ndipo popeza mkute ndi nsima ndithu ngakhale uli wozizira, ndinagamula ndekha kuti stalemate ndi mate yochedwa, yosakoma kwenikweni, koma mate ndithu. Sindinafunse munthu. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti "stale" wa m'liwu limeneli amachokera ku liwu lakale la Chifalansa lotanthauza kuima chilili. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pamaso pa sukulu yonse.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi, ndipo maganizo anga ndi awa. Chingerezi cha m'mabuku a chess ndi chilankhulo china chokhala m'kati mwa Chingerezi chimene timaphunzira m'kalasi. Dikishonale yokha siingatitulutse m'menemo. Munthu asamanene kuti liwu la chess walimva kufikira atatha kuchita zinthu ziwiri: kuliyala pa bolodi ndi manja ake, ndi kulifotokoza m'Chichewa kwa mwana wa Fomu 1 mpaka mwanayo agwedeze mutu. Ndifuna kuonetsa chifukwa chimene ndikunenera choncho.

Poyamba tivomereze kuti zimenezi si zachilendo kwa ife. Taganizani za mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku, ndipo wafika pa madala akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango. Akumva wina akuti "ndadya," koma palibe mbale. Akumva za "nyumba," koma akungoona kadzenje pa thabwa. Mawu onsewo akuwadziwa, koma sakumva kanthu, chifukwa masewera atenga mawu a tsiku ndi tsiku n'kuwapatsa ntchito ina. Mlendoyo akafuna kumva, ayenera kukhala pansi, kuonerera, ndi kufunsa. Ifenso tikatsegula buku la chess timakhala alendo otere.

Tiyambe ndi mawu amene amaoneka osavuta, chifukwa ndi amene amagwetsa anthu. "Fork" tonse timaidziwa, ndi foloko ya ku chipinda chodyera. Pa chess, fork ndi pamene chida chimodzi chaopseza zida ziwiri kapena zoposerapo nthawi imodzi. Ikani knight yoyera pa c7, mfumu yakuda ili pa e8 ndipo rook yakuda ili pa a8. Mfumu iyenera kuthawa, ndipo rook idyedwa. Ine ndimaona kuti liwu lathu lakuti mphanda likufotokoza bwino kuposa foloko: nthambi imodzi yagawika pawiri. "Pin" ndi phini, koma pa bolodi ndi chida chimene chakhomereredwa pamalo pake chifukwa chikachoka, china chofunika kwambiri chimene chili kumbuyo kwake chikhala pambalambanda. "Skewer" ndi kamtengo kotungira nyama yootcha. Pa chess ndi pin yotembenuzidwa: chida chachikulu chili kutsogolo, chikathawa, chaching'ono cha kumbuyo chimadyedwa, ngati nthuli ziwiri pa kamtengo kamodzi.

Palinso ena ambiri. Buku likanena za "development," musaganize za chitukuko cha misewu ndi mijigo. Likunena za kutulutsa zida pa mzere wa kumbuyo kuti ziyambe ntchito. Chida chikakhala "hanging," palibe chingwe. Chasiyidwa popanda chochiteteza, ndipo mnzako angachidye ulere. "Resign" si kutula pansi udindo, ndi kuvomereza kuti wagonja gemu isanafike pa mate. "Draw" si kujambula. Ndipo "mate" alibe ubale ndi "classmate" kapena "roommate." Mu 1972, pamene Bobby Fischer wa ku America analimbana ndi Boris Spassky wa ku Soviet Union mu mzinda wa Reykjavik, mabuku amati William Lombardy anali "second" wa Fischer. Munthu angaganize kuti Lombardy anakhala nambala 2 pa mpikisanowo. Zoona zake n'zakuti "second" ndi mthandizi amene amakonzekera gemu limodzi ndi wosewera. Lombardy ameneyu pa nthawiyo anali wansembe wa Chikatolika.

Mayina a zida zenizenizo nawonso ali ndi misampha. Dikishonale idzakuuzani kuti "pawn" ndi kuika katundu pa pinyolo, ndi kuti "rook" ndi mbalame yakuda yofanana ndi khwangwala. Zonsezi n'zoona, koma si za pa bolodi. Pawn ya chess imachokera ku liwu lotanthauza msilikali woyenda pansi, ndipo rook imachokera ku liwu la ku Persia lakuti rukh, galeta la nkhondo. Masewerawa anayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, n'kupita ku Persia, kumene lero ndi Iran, kenaka kwa Aluya, ndipo Aluyawo anawafikitsa ku Spain. Paliponse pamene anadutsa anatola mawu. "Check" amachokera ku shah, mfumu m'chilankhulo cha ku Persia, ndipo "checkmate" ndi shah mat, kunena kuti mfumu yasowa chochita.

Tsono pali chida chimene chimatisokoneza ife a kuno ku seminale mwapadera. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinkauza mnzanga kuti, "Bishop wakoyu ndi woipa, ndipo ndimudya posachedwa." Mwana wina wa Fomu 1 amene anali atangofika kumene anatong'ola maso, n'kucheukacheuka kuona ngati pali Bambo wina amene wamva. Ndinachita kumukhazika pansi. Bishop amayenda mopingasa, choncho gemu yonse amakhala pa mabokosi a mtundu umodzi, 32 mwa mabokosi 64 a pa bolodi. Ngati ma pawn ako omwe atsekeka pa mabokosi a mtundu umenewo, bishop amasowa njira, ndipo mabuku amamutcha "bad bishop." Amene njira zake zili zotseguka ndiye "good bishop." Palibe za makhalidwe apa, nkhani ndi ya njira basi.

Ndiponso chida chimenechi ndi Episkopi kwa Angerezi ndi mitundu ina yowerengeka chabe. Pachiyambi chinali njovu. Aluya ankati al-fil, a ku Spain mpaka lero amati alfil, ndipo a ku Russia amachitchula ndi liwu lawo la njovu. Afalansa amati fou, kutanthauza wanthabwala wa ku bwalo la mfumu, pamene Ajeremani amati Läufer, wothamanga. Mukachiyang'ana bwino, mutu wake wong'ambika umafanana ndi chisoti cha Ambuye Episkopi. Chodabwitsa china n'chakuti m'mabuku a chess, bishop ndi knight amatchedwa "minor pieces," zida zazing'ono, liwu lomwe lija la "minor" limene lili pa dzina la seminale ngati yathu. Ndipo pawn imene yapirira mpaka kufika mzere wotsiriza imalandira "promotion": ingathe kusanduka queen, rook, knight kapena bishop. Abambo andikhululukire, koma pa bolodi ambiri akafika pamenepo amasankha queen.

Liwu lakuti "piece" nalonso lili ndi chinsinsi. M'malamulo, zida zonse 32 ndi ma piece. Koma wolemba akanena kuti wosewera wataya "a piece," kawirikawiri akutanthauza knight kapena bishop, osati pawn. Kuti izi zimveke, tiyenera kudziwa mitengo imene osewera amapereka kwa zida: pawn ndi 1, knight 3, bishop 3, rook 5, ndipo queen 9. Tsono tamverani ichi. "An exchange" ndi kusinthana kulikonse, iwe wadya changa, ine ndadya chako. Koma "the exchange" ndi chinthu chimodzi chokha: kupereka knight kapena bishop n'kudya rook. Amene "wapambana the exchange" wapereka 3 n'kulandira 5. Aphunzitsi athu a Chingerezi amalimbana nafe tsiku ndi tsiku pa kusiyana kwa "a" ndi "the," ife n'kumaona ngati akutivutitsa ndi timawu topanda pake. Pa bolodi ndinaona ndi maso anga kuti kawu kakang'ono kameneka kali ndi mtengo wa ma pawn awiri.

"Sacrifice" ndi liwu limene ife timalimva kwambiri m'tchalitchi, ndipo tanthauzo lake pa chess silinapite patali kwenikweni. Ndi kupereka chida mwadala, ukudziwa chimene ukuchita, pofuna kupeza chachikulu kutsogolo. Kutaya chida chifukwa chosaona kumatchedwa "blunder." M'mabuku, kusuntha kwanzeru kumalandira chizindikiro cha !, kusuntha kolakwika kumalandira ?, ndipo blunder imalandira ?? Pano pa sukulu ndaona kuti ambiri a ife queen ikadyedwa mwangozi timathamangira kunena kuti inali sacrifice. Amene akudziwa kusiyana kwa mawu awiriwa sangadzinamize choncho.

Gawo lina ndi la mawu amene si Chingerezi n'komwe, ngakhale ali m'mabuku a Chingerezi. "En passant" ndi Chifalansa, kutanthauza podutsa: pawn ikalumpha mabokosi awiri pa ulendo wake woyamba n'kudutsa bokosi limene pawn ya mnzako ikanaidyera, mnzakoyo angathe kuidya ngati kuti inangoyenda bokosi limodzi, koma achite pompo, akachedwa mwayi watha. "J'adoube" ndi Chifalansanso. Lamulo limati chida chimene wachigwira uchisunthe, choncho ukafuna kungochikonza kuti chikhale bwino pa bokosi lake, umayamba wanena liwu limeneli. "Fianchetto" ndi Chitaliyana, kuika bishop m'mbali, monga pa g2 kapena b2. "Blitz" ndi Chijeremani, mphezi, gemu ya mphindi zochepa. "Zugzwang" ndi Chijeremaninso: ndi nthawi yako yosuntha, lamulo silikulola kudumphitsa, koma kulikonse kumene usunthe ukudzipweteka wekha. Ngakhale bungwe loyang'anira chess pa dziko lonse, FIDE, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, dzina lake ndi la Chifalansa, ndipo mwambi wake ndi wa Chilatini: Gens una sumus, ndife mtundu umodzi.

Liwu limene ndimalikonda koposa ndi "gambit." Limachokera ku Chitaliyana, gambetto, kukola mwendo wa mnzako kuti agwe. Kodi si ndale yathu yomweyi, imene timatcherana pogwetsana? Pa chess, gambit ndi kupereka pawn kumayambiriro kwa gemu kuti zida zako zituluke msanga. Liwuli likupezeka m'buku limene wansembe wina wa ku Spain, Ruy López de Segura, anasindikiza mu 1561. Dzina la wansembe ameneyu lili pa njira ina yotchuka yoyambira gemu mpaka lero, ndipo pa kusuntha kwachitatu m'njira imeneyi, chida chimene chimatuluka ndi bishop. Pafupi ndi gambit pali "poisoned pawn," pawn yoikidwa ngati nyambo. Fischer yemwe uja anaidya pa gemu ya nambala 11 ku Reykjavik, queen yake n'kukodwa, ndipo anagonja gemu imeneyo, ngakhale mpikisano wonse anapambana.

Phunziro limene ndikutolapo apa ndi lakuti Angerezi eni ake anabwereka. Atakumana ndi zugzwang sanachite manyazi, anangolitenga liwulo momwe lilili. Mwana wa ku London naye ayenera kufunsa kuti fianchetto n'chiyani, monga momwe ine ndikufunsira. Akatswiri ambiri a masewerawa sanabadwire m'Chingerezi. Gukesh Dommaraju, amene anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2024 ali ndi zaka 18, ndi wa ku India. Amon Simutowe, amene analandira ulemu wa grandmaster mu 2009, ndi wa ku Zambia konkuno. Nanga ife tichitirenji manyazi kufunsa?

Ndisaiwale za kalembedwe ka magemu, chifukwa ambiri amatseka buku akangoona manambala. Mizere yochoka kwa iwe kupita kwa mnzako imatchedwa "files" ndipo ili ndi zilembo a mpaka h. Mizere yopingasa ndi "ranks," 1 mpaka 8. Chida chilichonse kupatula pawn chili ndi chilembo chake, koma knight ndi N chifukwa K anatengedwa kale ndi king. Chizindikiro cha x ndi kudya, + ndi check, ndipo O-O ndi "castling," pamene mfumu imayenda mabokosi awiri kulowera kwa rook, rook n'kuilumpha. Pamapeto, 1-0 ndiye kuti zoyera zapambana, 0-1 zakuda. Koma chenjerani ndi mabuku akale amene ali m'laibulale. M'menemo mudzapeza P-K4, kutanthauza kuti pawn yapita pa bokosi lachinayi la mzere wa mfumu. Zoyera zikasewera P-K4 ndi e4, koma zakuda zikasewera P-K4 yemweyo ndi e5, chifukwa aliyense amawerenga kuchokera kumbali kwake. FIDE inaleka kuvomereza kalembedwe kakaleka mu 1981, koma mabukuwo akadali abwino, ndipo ndi amene tili nawo.

Ndikudziwa kuti si onse amene angagwirizane nane. Anzanga ena amati mawu sapambana gemu, chofunika ndi kusewera basi. Pali choona pamenepo, pakuti alipo anyamata amene sanatsegulepo buku la chess koma amandikwapula. Komabe ndinene zimene zinandichitikira. Ndisanadziwe liwu lakuti fork, knight inkandidyera rook pafupifupi sabata iliyonse, ine n'kumati ndi tsoka chabe. Nditadziwa kuti chinthuchi chili ndi dzina, ndinayamba kuchiona chikubwera. Chinthu chopanda dzina n'chovuta kuchikumbukira, n'chovutanso kuchenjeza nacho mnzako. Ena amati masiku ano kompyuta imatiuza zonse. N'zoona kuti kuyambira 1997, pamene kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, makina apita patali, ndipo foni ya m'thumba imasewera kuposa munthu aliyense. Koma pa holide ndinayesa pa foni ya achimwene anga. Inkangondionetsa manambala ndi kusuntha koyenera, osandiuza chifukwa chake. Chifukwacho chili m'mawu.

Gulu lina ndi la anzathu amene amaloweza mawu kuti aziopseza nawo ena. Munthu akufuula "zugzwang" pa kusuntha kwachisanu, bolodi idakali yodzaza. Mukamupempha kuti ayale zugzwang imodzi pa bolodi, amayamba kukanda m'mutu. Ameneyu sasiyana ndi ine wa tsiku la stalemate, kungoti iye sanagwidwebe. Kuloweza liwu ndi kulimva ndi zinthu ziwiri, ndipo matenda amenewa sali pa chess pokha. Timachita zomwezi ndi matanthauzo a Biology ndi a Geography, kuloweza usiku n'kukasanza pa pepala m'mawa.

Pali nkhani inanso imene ndiyenera kuinena mwaulemu. Pa sukulu timalimbikitsidwa kulankhula Chingerezi, ndipo chifukwa chake ndikuchimvetsa. Wina angafunse kuti, kodi kufotokoza mawu a chess m'Chichewa sikubweza Chingerezi chathu m'mbuyo? Ine ndikuona kuti kumachilimbitsa. M'Chingerezi n'zotheka kubwereza chiganizo cha m'buku osachimva, ndipo palibe angakugwire. Koma mwana wa Fomu 1 akakufunsa kuti, "Achimwene, pin n'chiyani m'Chichewa?" ulibe pobisala. Ngati sukudziwa, zimaonekeratu. Ndi chifukwa chomwechi kuti pa Chilatini timapatsidwa ziganizo zoti timasulire. Kumasulira ndiko mayeso enieni a kumva.

Sindikunena kuti tipange mawu a Chichewa a chinthu chilichonse mokakamiza. Pamene tili ndi liwu lokwanira bwino, monga mphanda, ndale, kudya kapena nyambo, tiligwiritse ntchito pofotokozerana. Pamene tilibe, tibwereke monga anachitira Angerezi. Makolo athu anachita kale zimenezi. Liwu lathu lakuti Episkopi linachokera ku Chigiriki, episkopos, woyang'anira, ndipo "bishop" wa Chingerezi anachokera ku liwu lomwelo. Agogo anga kumudzi sadziwa Chigiriki, koma Episkopi amamudziwa bwino lomwe, chifukwa anamuona ndi maso ndipo wina anawafotokozera ntchito yake. Mawu obwereka savuta ngati pali chinthu chooneka ndi munthu wofotokoza.

Kwa inu makolo, ndikudziwa nkhawa yanu. Mumavutika kupeza fizi, ndipo mukamva kuti mwana amathera nthawi pa bolodi, mtima umakupwetekani. Amene amasiya homuweki chifukwa cha chess akulakwa, ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma kumbukirani kuti popanda kukhoza Chingerezi palibe satifiketi ya MSCE, ndipo ambiri timalephera pa mafunso omvetsa nkhani chifukwa chopatsa liwu tanthauzo loyamba limene labwera m'mutu. Buku la chess silikulola kuthamanga. Tsamba limodzi lingakutengere ola lathunthu, uku ukuwerenga, uku ukusuntha zida, ndipo ukamva molakwa, bolodi imakuuza nthawi yomweyo. Ine chandiphunzitsa kufunsa kuti, liwu limeneli likutanthauzanji pamalo pano? Funso limeneli tsopano ndimalowa nalo m'kalasi iliyonse.

Pomaliza, ndili ndi mapempho atatu. Kwa anzanga a kalabu ya chess, tigule kope limodzi likhale la tonse. Aliyense akapeza liwu lachilendo alembe liwulo, ajambule kabolodi koonetsa chimene likutanthauza, ndipo pansi pake afotokoze m'Chichewa ndi mawu akeake. Wina asalembe liwu limene sangathe kuliyala pa bolodi. Tikamachoka pano, kopelo litsale kwa azing'ono athu. Kwa Abambo athu, ambiri a inu munaphunzira Chilatini, ena Chifalansa, ndipo ena munakhalako ku Rome n'kudziwa Chitaliyana. Ngakhale simusewera chess, mphindi khumi zanu zingatimasulire mawu amene ife tingalimbane nawo mwezi wathunthu, ndipo mungatiphunzitse katchulidwe kake koyenera. Kwa a Fomu 3 ndi Fomu 4, mwana wa Fomu 1 akafunsa funso looneka lopusa, tisamuseke. Ine sindinafunse za stalemate chifukwa choopa kusekedwa ndi anthu awiri kapena atatu, mapeto ake ndinasekedwa ndi holo yonse.

Kope lija ndaliyamba kale ndekha, ndipo lili ndi mawu 41. Pa tsamba loyamba pali mfumu yakuda pa h8 ndi queen yoyera pa f7, ndipo pansi pake ndinalemba kuti: uwu si mkute, apa palibe amene wadya. Mkulu uja wa Fomu 4 wavomera kuti tidzabwereze gemu yathu asanalembe mayeso ake. Amene akufuna kudzaonerera ndi wolandiridwa, koma abwere ndi liwu limodzi loti tilembe m'kope.

Wophunzira wa Fomu 3